Sekondale imene yatulutsa akatswiri a NBA, ndi phunziro lake kwa mwana wa ku Nkaya

Usiku wa pa 25 June 2025, mumzinda wa New York ku America, matimu a NBA, ligi yaikulu kuposa zonse ya basketball padziko lapansi, anakhala pansi kusankha osewera atsopano. Mwambowu amautcha draft ndipo umachitika kamodzi pachaka. Dzina loyamba kuitanidwa linali la Cooper Flagg, mnyamata wa zaka 18, yemwe anatengedwa ndi timu ya Dallas Mavericks. Usikuwo usanathe, anzake atatu anali ataitanidwanso: Derik Queen pa nambala 13, Asa Newell pa 23 ndi Liam McNeeley pa 29.

Anyamata anayiwa, chaka cha 2024, ankavala yunifolomu imodzi ndipo ankasewera m'timu imodzi ya sukulu ya sekondale yotchedwa Montverde Academy. Tangoganizani, anthu anayi a Fomu 4 imodzi kulowa mu ligi imene ana a dziko lonse lapansi amailota kutulo.

Mwina mukuti, nanga zimenezi zikumukhudza bwanji munthu amene akuwerenga nkhaniyi pafoni ali pa siteshoni ya Nkaya, kapena pa msika wa Balaka, kapena ku Liwonde? Zikumukhudza chifukwa mbiri ya sukuluyi muli ana a mu Africa muno amene anayamba masewerawa mochedwa, ena atakula kale akumenya mpira wamiyendo pafumbi. Ndipo mukaitsatira bwino, mupeza kuti wamkulu mwa onsewo anafikako chifukwa choti wina amene anatsogola anakumbukira kubwerera kwawo.

Sukulu ya m'katauni kakang'ono

Montverde ndi katauni kakang'ono m'chigawo cha Florida, pafupi ndi nyanja ya Apopka, kumadzulo kwa mzinda wa Orlando. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1912, ndipo kwa zaka zambirimbiri palibe amene ankaitchula pa nkhani ya basketball. Inali sukulu yogonera komweko basi, ngati zina zonse.

Zinthu zinayamba kusintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene kunabwera kochi Kevin Sutton, amene anatsegula khomo kwa ana ochokera kunja kwa America. Mu 2011 udindowu unapita kwa Kevin Boyle, amene anachokera ku sekondale ya St. Patrick ku New Jersey, komwe anaphunzitsako Kyrie Irving. Pa zaka 14 zimene Boyle anakhala ku Montverde, timuyi inatenga chikho cha masekondale a dziko lonse la America mu 2013, 2014, 2015, 2018, 2021, 2022 ndi 2024. Timu ya atsikana nayonso yatengapo chikho chofanana nacho.

Mndandanda wa amene anadutsa pabwalo limeneli ndi wautali. D'Angelo Russell anasankhidwa wachiwiri mu draft ya 2015. Ben Simmons, wochokera ku Melbourne ku Australia, anali woyamba mu 2016. RJ Barrett wa ku Canada anatsogolera timu ya 2018 imene inatha chaka chonse osagonja, ndipo anasankhidwa wachitatu mu 2019. Timu ya chaka cha 2019 mpaka 2020 inapambana masewero onse 25 amene inasewera mliri wa Covid-19 usanaimitse zonse, ndipo anthu ambiri otsata masewerawa amaiika m'gulu la matimu a sekondale amphamvu kwambiri amene anakhalapo. Mmenemo munali Cade Cunningham, amene anasankhidwa woyamba mu 2021, Scottie Barnes wachinayi, Moses Moody wa nambala 14 ndi Day'Ron Sharpe wa nambala 29. Timu ya Flagg ija inapambana masewero 33 osagonja ngakhale kamodzi.

Awa ndi mayina amene mumawaona m'tizidutswa ta mavidiyo pa YouTube ndi TikTok. Koma nkhani yathu yagona pa mayina ena.

Mwana wa mfumu amene anatsegula njira

Luc Mbah a Moute anabadwa mu 1986 ku Yaoundé, likulu la dziko la Cameroon. Bambo ake ndi mfumu ya mudzi wina kufupi ndi tauni ya Bafia. Monga ana ambiri a kuno kwathu, anakula akusewera mpira wamiyendo, ndipo basketball anaiyamba ali kale mnyamata wamkulu. Mu 2003 anapeza mwayi wopita ku Johannesburg, ku msasa woyamba wa achinyamata umene NBA inakonza mu Africa, umene lero umadziwika kuti Basketball Without Borders. Kuchoka kumeneko anapita ku Montverde.

Atamaliza sekondale anapita ku yunivesite ya UCLA mu 2005, komwe timu yake inafika m'ndime ya matimu anayi omaliza pa mpikisano wa mayunivesite zaka zitatu zotsatizana. Mu 2008 timu ya Milwaukee Bucks inamusankha pa nambala 37. Sanali womwetsa zigoli zambiri ayi. Luso lake linali kutchinga, kumumatirira katswiri wa timu inayo mpaka kumusowetsa mtendere. Ntchito imeneyi, imene anthu saiwombera m'manja kwambiri, inamusunga mu NBA zaka zoposa 10.

Chachikulu chimene anachita sichinachitikire ku America. Nthawi ya tchuthi ankabwerera ku Cameroon n'kukonza misasa yophunzitsira ana. Mu 2011, pa msasa wina wotere, anaona mnyamata wamtali woonda amene anali atangoyamba kumene masewerawa. Dzina lake Joel Embiid.

Amene ankakhala pabenchi

Embiid anabadwa pa 16 March 1994 ku Yaoundé. Masewera ake anali volleyball ndi mpira wamiyendo, ndipo maganizo a pakhomo anali oti adzapitirize volleyball ku Ulaya. Mbah a Moute ndiye anathandiza kuti apite ku Montverde, sukulu imene iye mwini anaphunzirako.

Apa ndiye pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. Ku Montverde, Embiid sanali katswiri. Chingerezi chinkamuvuta, malamulo a masewerawa anali asanawagwire bwino, ndipo pasukulupo panalinso Dakari Johnson, amene nthawi imeneyo ankaonedwa kuti ndi mmodzi wa ana aluso kwambiri m'dziko lonselo. Embiid ankasewera mwa apo ndi apo, nthawi zambiri ali pabenchi. Patatha chaka chimodzi anasamukira ku The Rock School ku Gainesville, komwe anapeza mpata wosewera mokwanira. Kenako anapita ku yunivesite ya Kansas, ndipo mu 2014 timu ya Philadelphia 76ers inamusankha wachitatu.

Mavuto sanathere pomwepo. Fupa la phazi linathyoka ndipo anakhala zaka ziwiri zathunthu osaponda bwalo. Sewero lake loyamba mu NBA linali mu October 2016. Mu 2023 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo, ulemu umene amautcha MVP. Mwana wa pabenchi uja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msasa wa Mbah a Moute unatulutsanso Pascal Siakam, amene bambo ake anamutumiza ku seminale ku Bafia kuti adzakhale wansembe. Siakam sanapite ku Montverde, anadzera sukulu ina ku Texas ndi yunivesite ya New Mexico State, koma khomo linali lomwelo. Anasankhidwa pa nambala 27 mu 2016, ndipo mu 2019 anatenga chikho cha NBA ndi Toronto Raptors. Ku Montverde kunadutsanso ana awiri a ku Nigeria amene anafika mu NBA: Solomon Alabi wa ku Kaduna, amene anasankhidwa mu 2010, ndi Precious Achiuwa wa ku Port Harcourt, amene Miami Heat inamutenga pa nambala 20 mu 2020.

Mbali imene sioneka pa TikTok

Tisanatengeke, tinene chilungamo. Montverde ndi sukulu yolipira, ndipo fizi ya mwana wogonera komweko ndi madola masauzande makumi angapo pachaka. Ili ndi mabwalo a m'nyumba, zipangizo zolimbitsira thupi, chakudya chokwanira ndi makochi olembedwa ntchito imeneyo basi. Komanso akatswiri ake ambiri sinawaumbe kuchokera pansi. Simmons, Barrett, Cunningham ndi Flagg anafikako akudziwika kale. Sukuluyi imasonkhanitsa ana aluso n'kuwalimbanitsa okhaokha tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, khomo la NBA ndi lopapatiza zedi. Matimu alipo 30, ndipo draft imatenga anthu pafupifupi 60 pachaka kuchokera padziko lonse. Ngakhale olowawo, si onse amakhalitsa. Alabi anasewera zaka ziwiri zokha ku Toronto. Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, wamtali mamita 2.21, anasankhidwa wachiwiri mu 2009 koma sanafike pamene anthu ankayembekezera. Simmons, amene anali wosewera watsopano wopambana mu 2018, wavutika kwambiri ndi msana zaka zotsatira. Thupi ndi lomwe limagwira ntchitoyi, ndipo thupi silichenjeza tsiku limene lidzakane.

Chachitatu ndi chowawa kwa ife a mu Africa. Mwana akapita kunja ali wamng'ono, si nthawi zonse pamene amadzavala mbendera ya kwawo. Pa masewera a Olympics a ku Paris mu 2024, Embiid anasewerera America n'kutenga mendulo ya golide, ndipo ambiri ku Cameroon zinawapweteka mtima. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amayamikirira sukulu ya NBA Academy Africa ya ku Saly m'dziko la Senegal, komanso ligi ya Basketball Africa League, imene inayamba mu May 2021 ku Kigali: mwana azikulira konkuno. Khaman Maluach wa ku South Sudan, amene anakulira ku Uganda ngati wothawa nkhondo, anadzera ku Saly, anasewerera dziko lake ku Paris ali ndi zaka 17, ndipo anasankhidwa pa nambala 10 usiku womwe uja wa Flagg.

Kumene njanji ya Nkaya imapita

Aliyense wa ku Nkaya amadziwa kuti pamenepa ndi pamphambano ya njanji. Ina imachokera ku Limbe kulowera ku Balaka ndi Salima, ina imapita ku Liwonde ndi Nayuchi mpaka ku doko la Nacala, ndipo sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pomwepa. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti dziko la Mozambique, kumene sitimazi zimachokera ndi kupita, ndi limodzi mwa mayiko amphamvu pa basketball kuno kummwera kwa Africa.

Makalabu otchuka kumeneko, monga Ferroviário de Maputo ndi Ferroviário da Beira, ndi makalabu a anthu a njanji, ndipo dzinalo likutanthauza zomwezo. Onse awiri asewerapo mu Basketball Africa League. Timu ya amayi ya Ferroviário de Maputo inatenga chikho cha makalabu a mu Africa mu 2018 ndi 2019, ndipo timu ya dziko ya amayi inasewera mu mpikisano wa dziko lonse ku Turkey mu 2014. Clarisse Machanguana wa ku Maputo anaphunzira pa yunivesite ya Old Dominion ku America ndipo analowa mu WNBA, ligi ya amayi, mu 1999. Atasiya kusewera anabwerera kwawo n'kuyambitsa bungwe lophunzitsa achinyamata masewerawa pamodzi ndi nkhani za umoyo. Ndi njira yomwe ija ya Mbah a Moute.

Kuno kwathu masewerawa amayendetsedwa ndi bungwe la Basketball Association of Malawi, ndipo mphamvu zake zambiri zili m'mizinda. Kalabu ya Bravehearts ya ku Lilongwe, imene Griffin Kalua anayambitsa, imadziwika ndi kulera osewera achichepere n'kuwathandiza pa maphunziro, ndipo mu 2024 inafika m'ndime ya Elite 16 ku Nairobi pa mpikisano wolimbirana malo mu Basketball Africa League. Choncho njira ilipo. Vuto ndi loti mwana wa pa sekondale yoyendera kumudzi, kumene bwalo lodziwika ndi la mpira wamiyendo ndi wamanja basi, angathe kumaliza Fomu 4 asanagwireko mpira wa basketball, ngakhale atakhala wamtali ngati mlongoti.

Nanga sukulu ya kwathu ingatengepo chiyani?

Ndalama za Montverde sitingazipeze, koma zina zimene zinamanga mbiri yake sizifuna madola.

Choyamba ndi malo osewerera, ndipo apa pali nkhani yabwino. Mkombero wa basketball umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, chimodzimodzi ndi wa mpira wamanja. Kusiyana kwake n'kwakuti wa basketball ndi wotambalala masentimita 45 ndipo kumbuyo kwake kumakhala bolodi la mamita 1.8 m'mbali ndi 1.05 m'mwamba. Wowotcherera zitsulo wa pa Balaka kapena Liwonde angathe kuupanga mutamupatsa miyezoyi. Bwalo lathunthu ndi mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, koma simukuyenera kuyambira pamenepo. Pali mtundu wa anthu atatu mbali iliyonse, wotchedwa 3x3, umene umafuna mkombero umodzi ndi malo a mamita 15 kwa 11. Si masewera a ana ayi, ali mu Olympics kuyambira ku Tokyo mu 2021. Malo osalazidwa bwino n'kutsendera dothi amakwana poyambira, simenti idzabwera pambuyo. Ndipo poti dzuwa la ku Balaka silinyengerera munthu, nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena chakumadzulo, botolo la madzi lili pambali.

Chachiwiri ndi munthu mmodzi wokhazikika. Sutton anakhala ku Montverde zaka zingapo, Boyle zaka 14. Timu ya sukulu imene chaka chilichonse imasintha woyang'anira siikhala ndi mbiri. Mphunzitsi mmodzi wachidwi, kapena wachinyamata amene anaseweako ku koleji ndipo ali pakhomo kudikira ntchito, ndi wokwanira kuyambitsa. Maphunziro a kagwiridwe ka mpira ndi kaponyedwe ali mbwee pa YouTube, ndipo bandulo imene imathera pa nthabwala za pa TikTok ingakwanitse kutsitsa mavidiyo angapo oti timu yonse iphunzirirepo.

Chachitatu, musataye wochedwa. Hakeem Olajuwon wa ku Lagos, amene anatenga zikho ziwiri za NBA ndi Houston Rockets mu 1994 ndi 1995, anali goloboyi asanayambe basketball ali ndi zaka pafupifupi 15, ndipo kupepuka kwa miyendo yake kunachokera kumeneko. Embiid anachokera ku volleyball. Mtsikana amene amagoletsa bwino pa mpira wamanja ali kale ndi diso ndi dzanja, chimene chatsala ndi kuphunzira kuyenda akudunda mpira. Dziko limene linatulutsa Mwawi Kumwenda, wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015, silingasowe atsikana a luso la manja.

Chachinayi ndi chimene timachinyoza kwambiri: kulemba. Tikutha kukamba za timu ya Montverde ya 2013 chifukwa wina analemba mayina, zigoli ndi masiku. Funsani pa sukulu imene munaphunzira kuti katswiri wa mpira zaka 15 zapitazo anali ndani. Mumva dzina lachibwana limodzi kapena awiri, enanso akutsutsa. Kope limodzi losungidwa mu ofesi ya ahedi, chithunzi cha timu chaka chilichonse, ndi tsamba la Facebook la sukulu, n'zokwanira kuti mwana wa Fomu 1 adziwe kuti pabwalo limeneli panadutsa anthu. Foni yanu ndi chida chachikulu apa. Kavidiyo koyera ka sewero lathunthu, kojambulidwa foni itagona cham'mbali, ndi kamene kochi wa ku Blantyre kapena Lilongwe angaonerepo luso la mwana popanda kukwera basi. Kumbukirani kupempha chilolezo kwa makolo ndi aphunzitsi musanaike nkhope ya mwana pa intaneti.

Sukulu patsogolo, ndipo chenjerani ndi akamberembere

Onse amene tawatchula kuti anadzera ku America analowera pa khomo la kalasi. Kuti munthu asewere pa yunivesite kumeneko amayenera kukhala ndi magiredi ovomerezeka. Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa anapita ku yunivesite ya Georgetown mu 1987 ndi cholinga chophunzira udokotala, kochi wa basketball wa komweko anamukopa kulowa m'timu, ndipo ndalama zimene anapeza anamangira chipatala kwawo chimene chinatsegulidwa mu 2007. Kwa mwana wa kuno, satifiketi ya MSCE ndi imene idzatsale m'manja bondo likadzakana.

Makolo ndi achimwene, apa mutchere khutu. Kwakhala kukumveka nkhani za ana a mu Africa amene anatengedwa ndi anthu olonjeza sukulu ndi mpira kunja, n'kukasiyidwa pa mavuto. Munthu akakulemberani pa WhatsApp kapena Facebook kuti ali ndi malo a mwana wanu ku America koma mutumize kaye ndalama pafoni, imani kaye. Sukulu yeniyeni ya ku America imatumiza yokha chikalata chotchedwa I-20, chimene wophunzira amagwiritsa ntchito popempha viza ku ofesi ya kazembe. Fufuzani dzina la sukuluyo, lemberani ku adiresi imene ili pa tsamba lake lenileni, ndipo funsani a bungwe la basketball kapena ofesi ya zamasewera ya boma lanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene anatsogola abwerere

Pa mayina onse a Montverde, Mbah a Moute si amene anagoletsa zambiri kapena kulandira ndalama zochuluka. Koma popanda ulendo wake wobwerera ku Cameroon pa tchuthi, mwina dziko silikanamudziwa Embiid kapena Siakam.

Inu amene munaphunzira pa sekondale za ku Nkaya, Utale, Balaka kapena Liwonde, ndipo lero muli pa ntchito ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni, ambiri muli m'gulu la WhatsApp la anzanu a kalasi. Mumasonkherana pa maukwati ndi pa maliro, ndipo n'zabwino. Tsiku lina ikanimo nkhani ya mipira iwiri, mkombero umodzi ndi kope la mbiri ya timu, ndipo pa tchuthi cha Khirisimasi mupite nokha mukaone ana akusewera. M'mera mpoyamba. Mwina palibe adzafike ku NBA, koma wina adzapeza malo ku kalabu ya mu ligi, wina thandizo la fizi, wina chifukwa chokhalirabe pa sukulu mpaka alembe mayeso. Ndipo zaka 20 zikubwerazi, wina akadzafunsa kuti akatswiri a sukulu imeneyi anali ndani, padzakhala kope loti atsegule.